Loweruka lachisanu: ndakatulo ya amayi yatsala ndime zitatu

Lero ndi Loweruka lachisanu chilowereni m'kagulu kathu ka alakatuli pa Chitakale. Tilipo asanu ndi awiri, ndipo otitsogolera ndi aphunzitsi a Chichewa amene anapuma ntchito. Lamulo lawo n'lakuti ndakatulo yako amawerenga mnzako, iwe uli duu, osatsegula pakamwa mpaka onse atayankhulapo. Sabata yoyamba ndinkaona ngati ndi nkhanza.

Yangayo ndi ya amayi, amene athyola tiyi kuesiteti kuyambira ndisanabadwe. Poyamba inali ndi ndime zisanu ndi zitatu. Munali Sapitwa, nsonga ya phiri la Mulanje, ndi mamita ake 3,002, mkungudza, namondwe wa Freddy wa mu 2023, miyambi inayi, ngakhale Dziwe la Nkhalamba ndinalikankhiramo. Achemwali ena atamaliza kuwerenga, aphunzitsi anavula magalasi n'kuti, "Achimwene, phirili taliona. Nanga amayi anu ali pati?" Lamulo lija linandipulumutsa, chifukwa yankho ndinalibe.

Ndiye Lachiwiri ndinalawirira kuwaperekeza, chiperoni chitakuta phiri lonse. Zaka zonsezi ndinali ndisanawayang'anitsitse manja. Zala zinada ndi utomoni wa masamba, chachikulu chinang'ambika m'mbali mwa chikhadabo. Amathyola ndi manja onse awiri, masamba awiri ndi kansonga, n'kuponya m'dengu la kumsana osacheuka. M'chiuno amamanga pepala lapulasitiki kuti mame asanyowetse chitenje. Ndinaima pamphepete n'kumalemba m'foni, anzawo akundiseka kuti kwabwera kapitawo watsopano.

Nditabwerera kukope langa, phiri ndinalichotsa, Freddy nayenso. Miyambi itatu inatuluka mosavuta, koma "mako ndi mako usamuone kuchepa mwendo" ndinaukakamira mpaka kulemba kwachitatu. Mnyamata wina wa Fomu 4, wamng'ono pa tonsefe, ndiye anandigonjetsa: "Mwambiwo ngwa makolo, akulu. Ife tikufuna mawu anuanu." Zinandiwawa, komabe wakutsina khutu ndi mnansi. Pamalo pake ndaika mvekero basi, thyo! thyo! thyo!, ndipo lero atawerenga mokweza, palibe anatsokomola.

Pa chibwereza sitinagwirizane. Aphunzitsi akuti mzere wakuti "dengu kumsana" ukubwera kambiri. Ine ndikuti uyenera kutopetsa, poti ntchitoyo imatopetsa. Ndausiya.

Madzulo ano ndawawerengera eni ake, akusenda chinangwa pakhonde. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka n'kuti, "Mwanawe, walemba kuti dengu limandilemera mbandakucha. Mbandakucha limakhala lopanda kanthu. Limalemera popita kusikelo." Anthu asanu ndi mmodzi anaumva mzerewo kanayi konse osaona cholakwika. Ndaukhwatcha ndi bolopeni yofiira, ndipo ndime yachiwiri ndiyamba nayo mawa ndikachoka kutchalitchi.