Ng'ombe yolandidwa kwa woizunza ikasungidwe kuti?

Aliyense amene amayenda mumsewu wa ku Namwera kapena wa ku Monkey Bay tsiku la msika amadziwa mmene mbuzi imayendera panjinga: miyendo yonse inayi yomangidwa pamodzi ndi mphira, mutu ukulendewera pafupi ndi masipoko, lilime lili kunja, dzuwa la mu Okutobala likuswa mtengo. Nkhuku nazo zimapachikidwa chadodolido pahandulo. Tinazolowera, ndipo n'chifukwa chake sitionanso cholakwika.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi ng'ombe zokoka ngolo. Goli losasalazidwa bwino limatupula khosi, bala limatseguka, ntchentche n'kuikiramo mphutsi, koma m'mawa mwake ng'ombeyo imamangidwanso kuti ikatute mchenga kapena njerwa. Ena amapaka oyilo wakutha wa galimoto pabalapo poganiza kuti ndi mankhwala, pamene akungoliwotcha. Bala lotere limafuna kutsukidwa, mankhwala oyenera, ndiponso masabata angapo ng'ombeyo isakugwira ntchito. Apa m'pamene pagona vuto, pakuti mwini wake akaipumitsa ndiye kuti kunyumba sikulowa ndalama.

Kumaiko ena kuli malo osungirako ziweto zotere mpaka zitafa ndi ukalamba. Bungwe la The Donkey Sanctuary, limene Elisabeth Svendsen analiyambitsa mu 1969 ndipo likulu lake lili ku Sidmouth m'dziko la England, limasamala abulu otayidwa ndi ozunzidwa. Ku America kuli Farm Sanctuary, yomwe inayamba mu 1986. Kwathu kuno ntchito yofanana nayo imadziwika ndi bungwe loteteza ndi kusamalira nyama la LSPCA la ku Lilongwe, lomwe linakhazikitsidwa mu 2008 ndipo madokotala ake amapita m'midzi kukachiza abulu ndi ziweto zina, komanso bungwe linzake la BSPCA la ku Blantyre. Tilinso ndi lamulo loletsa nkhanza kwa nyama, Protection of Animals Act, ngakhale kuti ndi lakale kwambiri. Koma tiyerekeze kuti apolisi a ku Makanjira alanda ng'ombe yovulazidwa: akaisunga m'khola la ndani, ndipo adzaidyetsa ndani?

Sindikhulupirira kuti njira ya ku England tingaitengere yonse mmene ilili. Kuno chiweto ndi banki ya banja, ndipo kusunga ng'ombe zaka zambiri isakupindulira munthu ndi mtolo umene anthu a m'mudzi sangaumvetse, mwinanso sangausenze. Chimene chingatheke ndi khola lopulumutsira ziweto, lokhala ndi mthunzi ndi madzi, loyang'aniridwa ndi mlangizi wa ziweto mogwirizana ndi mfumu, kumene chiweto chingachire kenako n'kubwerera kwa mwini wake ngati vuto linali umphawi kapena kusadziwa, kapena kuperekedwa kwa wina ngati linali nkhanza zenizeni. Zinthu ziwirizi n'zosiyana. Mayi wamasiye amene mbuzi zake zaonda mu Novembala chifukwa msipu wonse wapsa ndi moto wolusa sayenera kuweruzidwa mofanana ndi mnyamata amene amamenya ng'ombe m'maso ndi chikwapu.

Ndimamva anthu akunena kuti n'kupanda nzeru kudandaula za mbuzi pamene ana akugona ndi njala. Funsoli sindilipeputsa. Komabe ng'ombe ikafa ndi bala limene likanapola, amene amataya fizi ya mwana ndi banja lomwelo losaukalo, osati mabungwe.

Thandizo silikhala la ndalama zokha, ngakhale kuti mankhwala a njoka za m'mimba, a nkhupakupa ndi katemera wa chitopa amagulidwa ndithu, ndipo amene angathe kutumiza kangachepe ku mabungwe amene ndatchulawa achite tero. Tikakolola timatentha mapesi a chimanga ndi masangwe a mtedza, chakudya chimene chikanasungidwa pamthunzi n'kupulumutsa ziweto m'chilimwe. Eni zigayo angapatule thumba la madeya pamwezi. Akalipentala angasalaze magoli. Atsogoleri a mizikiti ndi matchalitchi ali ndi mawu amphamvu m'boma lino la Mangochi, makamaka nyengo ya Eid ndi Khirisimasi pamene mbuzi zimagulidwa zambiri, ndipo atakumbutsa anthu kuti chiweto chodikira kuphedwa chimafunikabe madzi ndi mthunzi, ogulitsa ambiri pamsika angamve.