Kachipolopolo ka .22 LR: pomwe ndafika ndi mfuti yanga

Abale, miyezi yapitayi ku kilabu kwathu kuno ku England ndakhala ndikulimbana ndi nkhani imodzi basi, kupeza zipolopolo zomwe mfuti yanga ya .22 imamvana nazo, ndiye ndati ndilembeko pomwe ndafika. Timaombera chandamale cha pepala titagona chafufumimba, mkati mwa holo pa mayadi 25, kunja kukacha bwino timapita pa mamita 50.

Kachipolopolo ka .22 LR (Long Rifle) kameneka anthu amakaderera poti ndi kakang'ono, mamilimita 5.6 basi m'mimba mwake, kamutu kake ka mtovu kolemera magalamu 2.6, koma ndi kakalekale ndithu. Kanatuluka mu 1887 ku America, kampani ya J. Stevens Arms & Tool inangotenga kesi (kachitsulo komwe mumakhala wonga) ya .22 Long ya 1871 nkuikapo kamutu kolemererapo ka .22 Extra Long, ndipo gogo wake wa zonsezi ndi .22 Short ya Smith & Wesson ya 1857. Mpaka lero ku Olimpiki pa mamita 50 amaombera komweka, ku biathlon (mpikisano wotsetsereka pa chipale chofewa nkumaombera chandamale) nako anakatenga mu 1978. Ine zimenezi zimandigwira mtima, chinthu cha zaka zoposa 130 koma akatswiri sanakasiye.

Chomwe ndaona ndi maso anga nchakuti chipolopolo chothamanga kwambiri sindicho cholunjika. Zija zolembedwa high velocity zimatuluka pa mamita 380 kapena chapompo pa sekondi, kuposa liwiro la phokoso lomwe ndi pafupifupi 343, ndiye zikamafooka panjira nkutsika kudutsa malire amenewo zimagwedezeka, pa pepala mabowo ake amamwazika. Za mpikisano amazipanga dala kuti ziziyenda cha m'ma 325 mpaka 330, pansi pa liwiro la phokoso kuyambira potuluka mpaka kukafika, ndipo mphepo imazikankha pang'ono poyerekeza ndi zothamangazo, zomwe munthu ukangomva koyamba sungakhulupirire. Nditasintha ndinaona mabowo akuyamba kugundana mpaka kupanga bowo limodzi long'ambika m'mbali, ndipo pa mamita 50 pamafunika zomwezo chifukwa kabwalo kapakati pa chandamale, kopatsa mapointi 10, ndi mamilimita 10.4 okha, kochepa kuposa chikhadabo cha chala chachikulu.

Pa mitundu ya zipolopolo za mpikisano, ndayesa Eley Tenex ya ku Birmingham, yomwe inayamba mu 1951, ndayesanso Lapua ndi RWS R50. Zonse ndi zabwino, mtengo wake ndiye wowawa, koma mpope wa mfuti uliwonse uli ndi khalidwe lake eti, mnzanga yake imakonda Tenex pomwe yanga yakhazikika pa Lapua, ndipo ngakhale mtundu womwewo ukasintha nambala ya loti (gulu la zipolopolo zopangidwa nthawi imodzi) yolembedwa pa bokosi zotsatira zimatha kusintha. Nchifukwa chake akuluakulu aku kilabu akapeza loti yomvana ndi mfuti yawo amagula yambiri nthawi imodzi. Palibenso zoti udzaze wekha wonga monga amachitira a mfuti zikuluzikulu, mankhwala oyatsira ali m'mphepete mwa kesi, pini ya mfuti ikamenya imasiya kadindo pamenepo, kesiyo yatha ntchito, ndiye zonse umadalira fakitale.

China chomwe ndikuchisamala tsopano ndi phula lija amapaka kunja kwa kamutu, ukagwira zala zimatsala zoterera. Kampani iliyonse ili ndi lake, ndiye ndikasintha mtundu sindiwerengera zipolopolo zoyamba, ndimaombera kaye zingapo pambali kuti mpope uzolowere phula latsopanolo kenako ndiye ndiyambe kuyeza. Ndimazisunganso m'kabokosi kake, osati kuziponya m'thumba momwe zingatole fumbi.

Mkati mwa holo zinthu zayamba kuoneka, ma 10 akuchuluka ndipo ndikaphonya ndimadziwa ndisanayang'ane kuti chapita mbali iti. Ntchito yatsala panja. Kachipolopoloka ndi kopepuka, kamphepo kongogwedeza mbendera zoonera mphepo kamakachotsa mu 10 kukaponya mu 9 kapena 8, ndiye mwezi ukubwerawu ndikufuna ndizikhala kaye kumbuyo kwa odziwa, ndiziona mbendera ikafika pati pomwe iwo amaombera, ndisanagule loti yambiri ya Lapua ndiiyesenso pa mamita 50 tsiku lopanda mphepo.