Kugulitsa nyumba ku Mangochi: zokonza ndi zoti wogula amve

Ambiri akafuna kugulitsa nyumba amathamangira penti, koma ndalama yoyamba iyenera kupita kudenga. Kwerani m'siling'i masana. Pomwe pakulowa kuwala, mvula imadonthanso pomwepo. Kawirikawiri ndi misomali yomwe yagwedera ndi mwera, ndipo kusintha misomaliyo ndi lata limodzi kapena awiri sikudula. Muli m'mwambamo bayani matabwa ndi msomali waukulu. Ukalowa mosavuta, chiswe chadya kale m'kati. Thabwalo lichoke, ndipo mankhwala athiridwe m'mbali mwa maziko poti chiswe chimachokera m'dothi.

Chovuta kwambiri kuno ndi chinyontho. M'mbali mwa nyanja ndi mtsinje wa Shire madzi apansi ali pafupi. Ngati amisiri sadayale pepala lakuda la pulasitiki pamwamba pa maziko, njerwa zimayamwa madzi, pulasitala n'kumafufuma ndi kutulutsa ufa woyera ngati mchere. Kupaka penti pamenepo n'kumunamiza wogula, komanso dzinja limodzi lokha pentiyo wamatuka. Gumulani pulasitala mpaka mita imodzi kuchokera pansi, khoma liume milungu ingapo m'chilimwe, kenako matani watsopano: ndowa imodzi ya simenti, ndowa 4 za mchenga wosefa, ndi mankhwala oletsa madzi. Ngakhale mwakonza chonchi muuzenibe wogula, chifukwa gwero la vutolo lili pansi ndipo silinachoke.

Mng'alu wowonda ngati ulusi ndi wa pulasitala chabe, umateni. Koma wotsata mizere ya njerwa ngati masitepe, womwe ukukulirakulira, ukusonyeza kuti maziko akutitimira. Umenewo musaubise ayi. Itanani injiniya awone, apo ayi tsitsani mtengo, wogula akakonze yekha akudziwa chimene wagula. Matailosi ndi makabati atsopano asiyeni. Ndalama yake sibwerera.

Mu 2024 nyanja idakwera mpaka kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo a m'mphepete mwake. Ngati madzi adafika pakhomo panu, musonyezeni wogula pomwe adalekezera, ndipo nenani ngati sepitiki thanki imadzaza nthawi ya mvula. Munthu akuikapo ndalama imene wavutikira zaka zambiri, ndiye asadzamve nkhaniyi kwa anansi atasamukiramo kale.

Pamapepala, malo a lizi akhale ndi chikalata chake, malisiti a lendi ya malo ku Unduna wa Zamalo, ndi a msonkho wa kukhonsolo. Ngongole ya madzi ku Southern Region Water Board ilipidwe, ndipo dzina pamita ya ESCOM lisinthidwe. Ngati ndi malo a makolo, a mfumu ndi eni mbumba avomere poyera ndalama isanaperekedwe, chifukwa milandu yambiri imabuka mlongo kapena malume akadzati sadafunsidwe. Zovuta zonse zomwe mwaulula zilembedwe m'pangano logulitsira, nonse musaine pamaso pa mboni, aliyense atenge kope lake.