Tsiku limene plugin inandivula pamaso pa amalume

Amalume ali ndi loja ya feteleza ku Ulongwe, m'boma la Angónia ku Mozambique, ndipo makasitomala ena amachokera mbali ya Dedza atanyamula makwacha. Ndinalembera amalumewo pulogalamu yosunga malonda ndi Qt 5.15, chida cholembera mapulogalamu a pa kompyuta. Mbali yosintha kwacha kukhala metical ndinaiika payokha ngati plugin, kachigawo kolumikiza ku pulogalamu, kosungidwa mu kafayilo ka .dll, kuti mawa zikasintha ndingochotsa kameneko osagwedeza pulogalamu yonse. Pa laputopu yanga zonse zinkayenda myaa. Ndinadzitama mpaka amayi ogulitsa mbatatesi pakhonde anayamba kundiitana kuti a Plugin.

Lolemba m'mawa ndinakopera zonse pa kompyuta ya mu loja. Amalume anatseka kope lawo lamalonda, n'kuitana anthu kuti adzaone.

Ndinadina. Panatuluka kabokosi konena kuti platform plugin sikupezeka. Inetu ndinkaganiza kuti plugin ndi yanga yokha, kuiwala kuti Qt nayo imajambula mawindo pogwiritsa ntchito plugin yake, qwindows.dll, imene iyenera kukhala mu foda ya platforms pambali pa .exe, fayilo ya pulogalamuyo. Ndinathamangitsa windeployqt pa laputopu, inasonkhanitsa zofunika zonse, ndinakoperanso.

"Mphwanga, zatheka?"

"Inali kungodziwongola, amalume."

Pulogalamu inatseguka. Ndinadina batani la kwacha, ndipo inazimiririka osatsanzika. Apa ndinayamba kuloza zala: mavairasi, fumbi la feteleza, magetsi. Amalume anati magetsi a ku Cahora Bassa amafika mpaka ku South Africa osadandaulidwa, ndiye alephere pa ine?

Cholakwa chinali changa. QPluginLoader, mbali ya Qt yotsegula plugin, ikalephera siikuwa, lamulo lake la instance() limangobweza nullptr, kutanthauza kuti palibe kanthu, mwaulemu. Ine ndinatenga chopanda kanthucho n'kuchituma ntchito, pulogalamu n'kugwa chagada. Ndinawonjezera mizere itatu: ngati chabwera ndi nullptr, onetsa errorString(), uthenga wofotokoza cholakwika, mu kabokosi ka QMessageBox. Pomwepo inaulula kuti sizitheka kusakaniza debug, mamangidwe oyesera, ndi release, mamangidwe opereka kwa ogwiritsa ntchito. Pulogalamu ndinaimanga ya release, koma .dll ndinaitola mu foda ya debug. Ndi MSVC, chida cha Microsoft chomangira mapulogalamu, ziwirizi sizidyera mbale imodzi: ya debug imafuna Qt5Cored.dll, ya release Qt5Core.dll. Kachilembo kamodzi, d, n'kamene kanandituluzira thukuta pa Angónia pozizira chonchija.

Ndinamanganso ya release. Tsopano plugin inalowa, errorString() inalibe chokamba, koma qobject_cast, imene imaona ngati plugin ndi ya mtundu woyembekezeka, inabwezanso nullptr. Apa mpamene pamapusitsa, chifukwa fayilo yapezeka, yatsegulidwa, koma pulogalamu ikukana kuti si m'bale wake. Qt imazindikira plugin ndi dzina lotchedwa IID, lolembedwa mu Q_DECLARE_INTERFACE. Kalasi ya plugin iyenera kukhala ndi Q_OBJECT, Q_PLUGIN_METADATA ndi Q_INTERFACES, ndipo mbali zonse ziwiri zimangidwe ndi header imodzimodzi, fayilo imene IID imalembedwamo. Ine sabata yathayo ndinasintha mapeto a IID mu pulogalamu kuchoka pa 1.0 kufika pa 1.1 osayesanso batani la kwacha, pamene foda ya plugin inali ndi header yake yakale. Zili ngati pa chipata cha malire cha Calómuè: nkhope ndi yako, koma dzina la pa chiphaso likasiyana, sudutsa. Ndinafufuta header yakaleyo, n'kuloza mbali zonse ku fayilo imodzi, n'kumanganso zonse kuti moc, chida cha Qt chowerenga ma header, ilembe zatsopano.

Dzuwa linali litafika pamutu. Owonerera anali atachepa, kutsala bambo wina wa ku Dedza amene anadikira moleza mtima ndi njinga yake.

"Bambo, mukufuna thumba limodzi la urea?" ndinafunsa mokweza, kuti amalume amve.

Ndinadina kwacha. Plugin inalowa bwinobwino, inawerengera, mtengo n'kuonekera. Bamboyo anasuzumira, anapukuta m'maso, n'kusuzumiranso.

"Achimwene, ngati ndi choncho ndipatseni matumba khumi. Ndikaitanenso alamu anga."

Poyesa kunyumba ndinaika mtengo wosinthira pa 1, kwacha imodzi metical imodzi, ndipo ndinaiwala kuubwezera. Amalume anayang'ana pa sikirini, anandiyang'ana ine, kenako anatsegula kope lawo lija, ananyambita chala, n'kundiuza kuti popeza kompyuta yatopa, ndithandize anyamata kutsitsa matumba pa galimoto.