Mbiri ya moyo wanga, gawo 12: Maloko a zitseko ndi mazenera a magalasi awiri

M'gawo lapitali tinalekezera pomwe ndinayamba ntchito yokonza zitseko ndi mazenera kuno ku Leeds. Gawo lino ndi la ntchitoyo yeniyeni, chifukwa mbiri ya mmisiri simveka kwa munthu amene sakudziwa chimene manja ake amachita tsiku lonse. Komanso abale ambiri amene tili nawo kuno ku Britain akukhala m'nyumba za zitseko za pulasitiki yolimba yotchedwa uPVC, ndipo zimandipweteka kuwaona akugula loko watsopano pa vuto lomwe likanatha ndi aleni kiyi mmodzi, kachitsulo kopindika ka makona asanu ndi limodzi komangira masikuluwu.

Mukatsegula chitseko cha uPVC n'kuyang'ana m'mphepete mwake, muona chitsulo chachitali chochokera chakumunsi kukafika chakumtunda, m'lifupi mwake mamilimita 16 kapena 20. Ameneyu ndiye loko amene timamutcha multipoint. Pa chitsulocho pamakhala ngowe, timawilo ndi mpiringidzo, ndipo zonsezi zimakalowa m'zitsulo za pa felemu zomwe timazitcha ma keep. Pakati, kuseri kwa handulo, pali kabokosi kachitsulo kotchedwa gearbox. Mukakweza handulo, gearbox imakankha ngowe ndi timawilo tonse nthawi imodzi. Pa maloko ambiri kiyi sanyamula katundu ameneyu. Ntchito yake ndi kumanga gearbox kuti handulo isatsikenso. N'chifukwa chake kiyi amakana kutembenuka ngati handulo sinakwere kufika kumapeto, ndipo amene amamukakamiza amatsala ndi theka la kiyi m'manja.

Chimene ntchitoyi yandiphunzitsa n'chakuti loko sawonongeka yekha. Amawonongedwa ndi chitseko chomwe chatsika. Galasi la m'zitsekozi nthawi zambiri ndi la mamilimita 28: magalasi awiri a mamilimita 4, ndi mpata wa mamilimita 20 pakati. Sikweya mita imodzi ya galasi lotere imalemera makilogalamu 20, ndipo kulemera konseko kumakoka mahinjesi usana ndi usiku. Chitseko chikatsika ndi mamilimita awiri kapena atatu okha, ngowe zimayamba kugunda m'mphepete mwa keep m'malo molowa. Eni nyumba amazolowera kukweza handulo mwamphamvu, ena mpaka kukankha chitseko ndi bondo. Mphamvu yonseyo imathera pa timano ta m'gearbox, tomwe tambiri ndi tachitsulo chosungunula chosachedwa kuthyoka. Mukaika gearbox yatsopano chitseko chikadali chotsika, nayonso ithyoka chimodzimodzi.

Ndiye musanamasule sikuluwu iliyonse, yesani loko chitseko chili chotsegula. Kwezani handulo, tembenuzani kiyi. Zikayenda mofewa, loko ali bwino, vuto lili pa kakhalidwe ka chitseko mu felemu. Zikalimbabe chitseko chili chotsegula, vuto lili mu gearbox kapena mu cylinder, momwe mumalowa kiyi muja. Kuti musiyanitse ziwirizi, chotsani cylinder muiyese ili m'manja. Ikatembenuka bwinobwino, wolakwa ndi gearbox.

Ngati vuto ndi kutsika, tsekani chitseko ndipo jambulani ndi pensulo pa felemu motsatira m'mphepete mwa chitsekocho. Mukatsegula muona ngati chikuphimba felemu mofanana mbali zonse. Yang'ananinso ma keep: pomwe chitsulo chapukutika n'kumawala ndi pomwe ngowe ikugunda. Mahinjesi ambiri a masiku ano, otchedwa flag hinge, amasunthika m'njira zitatu: kumanja ndi kumanzere, m'mwamba ndi pansi, komanso kupanikiza chitseko pa mphira. Zomangira zake zimabisika pansi pa tizivindikiro tapulasitiki, ndipo ambiri amafuna aleni kiyi wa mamilimita 5, ena 4 kapena 6. Tembenuzani theka lokha, yesani chitseko, kenaka onjezani. Ngati mukukweza, kwezani mahinjesi onse mofanana, apo ayi hinjesi imodzi isenza chitseko chonse yokha. Ma keep nawonso amasunthika pang'ono mukamasula masikuluwu ake, koma ine ndimawakhudza pomaliza. Kutsitsa keep kuti itsatire chitseko chotsika n'kubisa matenda.

Pali kutsika kwina komwe mahinjesi sangathetse. Yezani chitseko kuchokera pangodya ina kukafika pangodya yopingasa nayo, ndipo muchite chimodzimodzi mbali inayo. Miyeso iwiriyo ikasiyana, chitseko chapindika chokha, ndipo mankhwala ake ndi amene amisiri amati toe and heel. Pulasitiki payokha ndi yofewa, ndiye galasi ndilo limagwira ntchito ngati thabwa lopingasa pa geti ya khola. Timachotsa timizere tapulasitiki togwira galasi, kuyambira tatitali, pokanula pakati pake ndi mpeni wathyathyathya. Kenaka timaika timapulasitiki tochindikala totchedwa ma packer pangodya yapansi ya mbali ya mahinjesi, m'munsi ndi m'mbali. Tikatero timakweza mbali ya loko ndi fosholo yapulasitiki ya magalasi, n'kuika ma packer ena pangodya yapamwamba ya mbali ya loko, pamwamba ndi m'mbali. Packer iliyonse igwire magalasi onse awiri, ndipo isatseke timabowo totulutsa madzi. Musakanule galasi ndi sikuludiraiva. Galasi la m'zitseko nthawi zambiri ndi lolimbitsidwa ndi moto, lolimba pankhope koma lofooka m'mphepete, ndipo chitsulo chikaligunda pamenepo limaphulika lonse n'kukhala timiyala. Ntchito imeneyi ndi ya anthu awiri, wina azigwira galasi.

Zitseko zamtundu wakuda kapena wotuwa kwambiri zimafufuma zikawombedwa ndi dzuwa. Ngati chitseko chimavuta masana a mu July koma usiku chimatseka bwino, musachikonze chili chotentha. Chipukuteni ndi madzi ozizira, chibwerere m'malo mwake, ndipo muchiyeze chitazizira.

Gearbox ikafa imadziwika: handulo imangozungulira osagwira kanthu, kapena imamveka kuthyoka kenaka n'kukana kutsika. Nthawi zambiri sipafunika kugula chitsulo chonse chachitalicho, kabokosi kokha kamagulitsidwa pakokha. Yang'anani dzina lodindidwa pa chitsulo, monga GU, Fuhr, Winkhaus, ERA, Yale, Avocet, Lockmaster kapena Fullex, chifukwa gearbox ya kampani ina silowa pa chitsulo cha ina. Kenaka tengani miyeso iwiri. Woyamba ndi backset, kuchokera pankhope ya chitsulo kukafika pakati pa bowo la handulo. Pa uPVC nthawi zambiri ndi mamilimita 35, ngakhale 28 ndi 30 ziliponso, ndipo zitseko za composite (zopangidwa ndi zinthu zingapo zophatikiza) zambiri ndi 45. Wachiwiri ndi PZ, kuchokera pakati pa bowo la handulo kukafika pakati pa mbali yozungulira ya bowo la kiyi. Wofala ndi 92, zitseko zakale zina ndi 70. Onaninso ngati gearbox ili ndi bowo limodzi la handulo kapena awiri.

Pomasula, chitseko chikhale chotsegula. Chotsani masikuluwu awiri a handulo cham'kati, solorani spindle, kachitsulo ka makona anayi ka mamilimita 8 kolumikiza mahandulo. Masulani sikuluwu yaitali ya cylinder m'mphepete mwa chitseko, lowetsani kiyi, mutembenuze pang'ono kwambiri mpaka cylinder itasololoka. Mukatero masulani masikuluwu ogwira chitsulo chachitali, koma samalani, ena mwa masikuluwu amene mukuwaona pafupi ndi pakati akugwira gearbox pa chitsulo, osati chitsulo pa chitseko. Jambulani chithunzi pa foni musanalekanitse. Gearbox zina zimamangidwa ndi masikuluwu a Torx, a bowo looneka ngati nyenyezi, zina ndi maliveti omwe amafuna kubooledwa. Poika yatsopano, ngowe zonse zikhale zobwerera m'kati ndipo gearbox nayo ikhale yosakhoma, kuti timano take tikumane ndi ndodo zoyendetsa ngowe. Onani lilime la loko ngati layang'ana koyenera, popeza ambiri amatembenuzika malinga ndi mbali yomwe chitseko chimatsegukira. Yesani kukhoma kangapo chitseko chili chotsegula. Mukatseka musanayese, ndipo china chake sichinakumane, mwadzitsekera nokha.

Gearbox ikathyoka chitseko chili chokhoma, yesani kunyamula chitseko pang'ono ndi kuchikokera kwa inu pamene mukutsitsa handulo. Zikakanika, itanani wa maloko. Chitsulo chokanulira chimang'amba felemu, ndipo felemu ndi yodula kuposa loko.

Cylinder ndi chinthu chosavuta kusintha koma chomwe ambiri amalakwitsa kuyeza. Yezani kuchokera pakati pa bowo la sikuluwu kupita mbali yakunja, ndi kuchokera pomwepo kupita mbali yam'kati, kuphatikizapo kuchindikala kwa handulo. Mupeza miyeso ngati 35/35, 40/50 kapena 45/50. Isatulukire kunja kwa handulo kupitirira mamilimita 3, chifukwa cylinder yotulukira ndi yomwe akuba amathyola, ndipo umbava umenewu wavuta kwambiri kuno ku West Yorkshire. Gulani ya chizindikiro cha TS007 ya nyenyezi zitatu, kapena ya Sold Secure SS312 Diamond. Njira ina ndi cylinder ya nyenyezi imodzi pamodzi ndi handulo ya nyenyezi ziwiri. Kwa inu okhala ambiri m'nyumba imodzi, ndimalimbikitsa yokhala ndi kachotembenuzira m'kati, kuti moto ukabuka usiku munthu asayambe kufunafuna kiyi mu utsi.

Handulo ikamalendewera, nthawi zambiri yatha sipuling'i, kaya ya m'handulo momwemo kapena ya m'gearbox. Handulo yatsopano yokhala ndi sipuling'i yakeyake imathetsa zimenezi. PZ yake ifanane ndi ya loko, ndipo yezani mpata wa pakati pa masikuluwu awiri, womwe umakonda kukhala mamilimita 122, pafupifupi 211, kapena 240. Musamange masikuluwu mopitiriza muyeso. Pulasitiki imafinyika, gearbox imapanikizika, ndipo handulo yatsopano imalimba kuposa yakale. Spindle ikatalika imachitanso zomwezo, ifupikitseni ndi sowo yachitsulo. Zitseko zina zakumaso zili ndi spindle yogawika pawiri, kuti wakunja asatsegule popanda kiyi. Mukaikapo spindle imodzi yathunthu, aliyense wodutsa akhoza kutsegula chitseko chosakhoma.

Mazenera ndi achangu. Handulo yofala ndi ya espag: masikuluwu ake awiri amatalikirana mamilimita 43, imodzi imaoneka mukatsegula handulo, ina imabisika pansi pa kachivindikiro. Spindle yake ndi ya mamilimita 7, koma kutalika kumasiyana, kuyambira pafupifupi 10 mpaka 55, ndiye yezani yakaleyo. Yaifupi sifika pa loko, handulo imangozungulira. Mazenera akale ali ndi handulo ya cockspur, yokhala ndi kamphuno kotsamira pa felemu. Apa muyeso wofunika ndi mpata wa pansi pa kamphunoko, womwe umakhala 9, 13, 17 kapena 21. Zenera likamalowetsa mphepo, kawirikawiri chatha ndi kapulasitiki komwe kamphunoko kamakwerapo, osati handulo.

Zenera likasiya mpata mbali ya mahinjesi, kapena likamafuna kukankhidwa chakunja kuti litseke, mahinjesi ake otchedwa friction stay apindika. Sinthani onse awiri pamodzi. Yezani kutalika, monga mainchesi 8, 10, 12, 16, 20 kapena 24, ndi kuchindikala, mamilimita 13 kapena 17. M'zipinda zogona zam'mwamba mahinjesi ena anapangidwa kuti zenera litseguke lonse munthu athawire pomwepo, ndipo oterowo mubwezeretse ofanana nawo. Zenera la tilt and turn, lotseguka chammbali kapena chopendekeka pamwamba, likapachikika pangodya imodzi, latsegukira njira ziwiri nthawi imodzi. Kankhirani ngodya yapamwamba ya mbali ya hinjesi mu felemu, dinikizani kachitsulo ka sipuling'i ka m'mphepete mwa zenera, ndipo bwezerani handulo pamalo otsegulira chammbali, kenaka tsekani. Nkhungu ya pakati pa magalasi awiri si nkhani ya loko. Chomatira cha m'mphepete chatha, ndipo galasilo limasinthidwa, felemu n'kutsala.

Kawiri pachaka, pukutani zitsulo zonse ndipo donthezani mafuta opepuka a makina kapena silikoni pa ngowe, timawilo, lilime ndi ma keep, mukukweza ndi kutsitsa handulo kuti alowe. Mu cylinder musathiremo mafuta ophikira kapena girisi, amakola fumbi n'kumata timapini. Momwemo mumafunika ufa wa graphite kapena sipuleyi youma ya PTFE.

Inu amene mukuchita lendi ku England, lamulo la Landlord and Tenant Act la 1985 limapereka kwa mwini nyumba udindo wokonza mbali yakunja ya nyumba, ndipo zitseko zakunja ndi mazenera nthawi zambiri zimagwera m'menemo. Mulembereni uthenga tsiku lomwe handulo yayamba kulimba, mutumize ndi chithunzi, ndipo sungani uthengawo. Musasinthe cylinder osamuuza, ndipo akalola, yakaleyo isungeni ndi makiyi ake onse kuti mudzaibwezeretse posamuka. M'gawo 13 ndidzafotokoza za nyengo yozizira yoyamba pa ntchitoyi ndi mmene ndinayambira kugula zida zangazanga.