Kanjira kathu ka ku Klipriviersberg kasanduka ngalande

Lamulungu lapitali ndinafika pakhomo nsapato zili m'manja, buluku matope mpaka m'mawondo, mayi akunyumba kungondiona anafunsa kuti kodi bambo mwayambanso ganyu yoponda dothi la njerwa? Ndinali ndikuchokera kokayenda basi, ine ndi alamu anga, ku Klipriviersberg. Ndikudziwa ena muyamba kale kuseka, anzanga a ku Rosettenville kuno amandinena daily kuti iwe unathawa tchire ku Thyolo nde wabwera ku Joni kudzalifunanso, tsiku limodzi lopuma lomwelo kukalithera kukwera mapiri ngati ukusaka nkhuni. Asiyeni. Munthu ukakhala sabata yonse m'mayadi a eni ake kudula kapinga ndi kuseseratu masamba, kenako kubwerera mu kachipinda koti ukatambasula mwendo wagunda chitseko, umafuna pena pake poti maso aone patali.

Kwa amene simukudziwako, malowa ali kummwera kwa tauni, pakati pa Mondeor ndi Kibler Park, ife timalowera geti ya ku Peggy Vera Road. Ndi mahekitala pafupifupi 700, anawakhazikitsa kukhala malo otetezedwa mu 1984, ndipo muli mbidzi, nyumbu zakuda zija za mchira woyera, agwape, mbira za m'miyala, nkhanga zosawerengeka. Pakati pake pamadutsa kamtsinje kotchedwa Bloubosspruit. Ukakwera pamwamba umaona nsanja ya ku Hillbrow uko, iwe uli pakati pa udzu ndi ndowe za mbidzi, zimakhala ngati bodza.

Chaka cha 2024 malowa anauma moti ndinkamva chisoni. Kuno kuyambira Meyi mpaka Seputembala mvula sikugwa, zimenezo ndi za chaka chilichonse, udzu umafiira, moto umadutsa malo ena n'kusiya lupsa lakuda bii. Koma 2024 inali ina. Tinadikira chizimalupsa, kunangowaza pang'ono n'kusiya. Disembala kunatentha koopsa, m'mipopi madzi akubwera mwa apo ndi apo, ndipo pofika kumayambiriro kwa Januwale 2025 damu la Vaal, limene tonse kuno timamwa, linali litatsika kufika cha m'ma 24 peresenti. Kumudzi nako El Niño anali atatikwapula kale, mukukumbuka mu Malichi 2024 a Chakwera analengeza za ngozi ya chilala m'maboma 23 mwa 28 aja, ndiye tonse kuno foni imangolira, tumizani ya chimanga, tumizani ya chimanga. Nthawi imeneyo Bloubosspruit timangodumpha osavula nsapato, madzi ake kunali kungosisira pansi pa ndere. Njira zonse fumbi lokhalokha, ukaponda limachita kufuka ngati ufa.

Kenako inabwera. Mvula ya ku Joni mukuidziwa, m'mawa dzuwa phwee, ikamakwana 3 kapena 4 koloko kumwamba kwada, mabingu, ziphaliwali, matalala ngati miyala ya legeni, mphindi makumi atatu yatha, msewu wasanduka mtsinje. Inagwa ya choncho kangapo, pambuyo pake n'kubwera ya mvumbi yosakata masiku angapo, zovala kununkha chinyontho pachingwe m'nyumba. Damu lomwe lija la 24 peresenti pofika Malichi linali litadzaza mpaka anayamba kutsegula mageti. Ine milungu ingapo sindinapiteko kutchire kuja, nde Lamulunguli kutacha bwino ndinawaimbira alamu kuti tiyeni tikaone.

Tili pageti zonse zinali bho, msipu wobiriwira mpaka kuwawitsa maso. Vuto linayamba titayamba kukwera. Kanjira kamene timadutsa nthawi zonse, kaja kolunjika kumtunda, pakati pake panali patang'ambika chigwembe, pena chofika mu akakolo pena mpaka m'bondo, dothi lonse lapamwamba linapita kwatsala miyala yokhayokha yogubuduka, ukaponda umatsetsereka nayo. Mitengo imene anaigoneka ngati masitepe ina inali lende, madzi anakumba kunsi kwake n'kudutsa. Kumunsi kwa phiri, pamene pamathera kutsetsereka, mchenga ndi timiyala tonse tija tinakaunjikana pamenepo n'kukwirira udzu, ngati wina watsitsa thiraki ya kwale. Alamu anangoti koma ndiye Napolo wadutsa. Kwathu ukatchula Napolo anthu saseka, akulu amakumbukabe za ku Phalombe mu 1991, ndipo za Freddy mu Malichi 2023 ku Chilobwe m'munsi mwa phiri la Soche sindifuna n'kuzilemba komwe. Apa panalibe nyumba yogwa, panalibe maliro, ndi kanjira chabe. Koma kachitidwe ka madziwo ndi kamodzimodzi, kungosiyana kukula.

Chimene chinandigwira mtima ndi ichi, mukapatuka masitepe awiri okha kuchoka mu njira n'kulowa mu udzu, nthaka ili bwinobwino, sinasunthe olo pang'ono. Mvula yomweyo, phiri lomwelo, kutsetsereka komweko. Pokokoloka ndi pamene timaponda ife.

Ine ntchito yanga ndi ya m'galadeni zaka zambiri ndithu, ndiye izi ndimaziona tsiku ndi tsiku. Tengani duwa la mu poto limene madamu anaiwala kuthirira mwezi wathunthu ali ku holide, muthire madzi, muona akungoyandama pamwamba kenako atsikira m'mbali mwa poto n'kutuluka pansi, mukapisa chala pakati mupeza pali gwaa pouma. Dothi likauma kwambiri limakana madzi, limafuna kulinyengerera pang'onopang'ono. Ndiye ganizani phiri lathunthu lili choncho, kwinaku moto unadya zinyalala zonse zimene zikanaphimba pansi, dontho lililonse likumenya dothi lamaliseche n'kuliphwanya, fumbi lija likusanduka phala lotseka timabowo tonse tolowera madzi. Madzi akasowa kolowa amafuna kothawira, ndipo pamalo ponse paja palibe posalala, polimba ndi potsika kuposa njira, chifukwa mapazi athu akhala akuisinja zaka ndi zaka mpaka inalowa pansi pang'ono ngati mtondo. Madzi onse a m'mbali amagwera m'menemo. Akayamba kuthamanga amanyamula mchenga, mchengawo ndi umene umapala pansi ngati sandipepa, akapala pamazama, pakazama pamakoka madzi ambiri, basi nkhani yake imangopitirira choncho mvula iliyonse. Kumudzi kwathu kanjira kopita kumjigo kanayamba chonchi ndili mwana, pano ndi chigwembe choti mbuzi ikagweramo mumachita kuitulutsa ndi chingwe.

Udzu wa kuno nawo ndaupatsa ulemu. Pamwamba umaoneka wakufa nthawi yozizira, umapsa ndi moto, koma moyo wake wonse uli pansi, mizu yolukanalukana ngati mkeka, ndipo timaluwa tambiri ta m'tchire muno tili ndi zinthu ngati mbatata kapena anyezi pansi pa nthaka, timangodikira. Pamene panali lupsa paja ndi pamene pabiriwira kwambiri, ndipo mbidzi tinazipeza pomwepo, zonenepa mpaka matako kunyezimira. Ndinakumbuka alangizi aja ankatikakamiza kubzala vetiva pa akalozera, bambo anga n'kumadandaula kuti udzu wosadyedwa ukungotha malo a chimanga. Mzere umene anabzala monyinyirika uja ndi umene ukugwirabe munda mpaka lero.

Sikuti zonse zimene zamera ndi zabwino ayi. Pali duwa lina la pinki, lokongola zedi, amalitcha pompom, linachokera ku South America, limenelo likalowa mu udzu limalanda malo ndipo limakonda pomwe nthaka yasokonezeka, m'mbali mwa njira ndi pamene madzi ataya dothi. Alamu anafuna kuthyola kuti akapatse achemwali anga, ndinawaletsa, mbewu zake zimauluka ngati thonje. Chisoso nachonso chadzaza m'mbali mwa kamtsinje, chanthete bwino, ife kumangomeza malovu poti muno saloleza kuthyola kanthu. Pa chulu china tinapeza mapiko a ngumbi ali mbwee, alamu anaima ngati ali pamanda, akuti ndiwo zonsezi zadyedwa ndi nkhanga zopanda ndi mchere womwe kkkk. Nkhupakupa nazo zachuluka mu udzu wautaliwu, mukapita valani buluku lalitali ndipo mukafika kunyumba dzifufuzeni bwinobwino, ine ndinachotsa ziwiri kuseri kwa bondo.

Kumtsinje ndi kumene tinaona mphamvu yeniyeni ya madzi. Miyala imene timapondapo powoloka ina inasuntha, ina kulibe. Bango lonse lagona mbali imodzi ngati lapesedwa. Ndipo m'nthambi za mitengo, pamwamba kuposa mutu wanga, munali mutakodwa majumbo, mabotolo, thewera la mwana, mpaka silipasi imodzi, kusonyeza pamene madzi anafika. Zimenezi sizichokera mu tchiremu, zimachokera kumtunda ku nyumba za anthu. Kumeneko ndi malata, phula ndi pavingi paliponse, palibe pamene dontho lingalowe pansi, ndiye madzi onse amathamangira mu madireni n'kudzakhuthukira mu kamtsinje kakang'onoka nthawi imodzi. Ndipo ine ndemwe ndayalapo pavingi m'mayadi angapo, mabwana amakonda poti sipamera udzu. Chinanso choseketsa, madzi onsewa salowa n'komwe mu damu la Vaal, amatsikira mu Klip River, umene umakakumana ndi Vaal ku Vereeniging, kumunsi kwa damulo. Joni yakhala pamsana pa chitunda, mvula yogwa mbali ino ya kummwera imakathera ku nyanja ya Atlantic kudzera mu Orange, yogwa kumpoto imalowa mu Jukskei mpaka Limpopo n'kukathera ku Indian Ocean.

Pamwamba pa mapiriwa pali mipanda yamiyala ya midzi yakale ya Atswana, amene anabalalika m'zaka za m'ma 1820 nthawi ya Mzilikazi, chipwirikiti chomwe chija chinathamangitsa Angoni a Zwangendaba mpaka kuwoloka Zambezi mu 1835. Mipandayo ilibe simenti, anangosanja miyala, ndipo mvula yonseyi yangodutsa m'mipata mwake n'kupita. Pamene kwa bwana wina amene ndimagwirako Lachitatu mpanda wa njerwa wa zaka zochepa chabe unagwa usiku umodzi chifukwa madzi anadzaza kuseri kwake opanda potulukira.

Tsopano ndiulule tchimo langa. Pobwerera tinafika pamalo pena pamene njira yonse inali chithaphwi cha matope, ine ndi nsapato zanga zatsopano za ku China Mall ndinapatuka n'kuyamba kuponda pa udzu m'mbali, alamu pambuyo panga. Ndipo sitinali oyamba, panali pataoneka kale kanjira kachiwiri, udzu utagona, penanso kachitatu kakuyamba. Tinangomva mawu kutsogolo, agogo ena achizungu, mwa anthu odzipereka aja amene amathandiza kusamala malowa, ali ndi piki m'manja chipewa chili pamutu. Anatiuza mwaulemu ndithu kuti chonde dutsani m'matope momwemo, mukaponda m'mbali udzu ufa ndipo mvula ikubwerayi njira idzakhala iwiri, zigwembe ziwiri. Manyazi anandigwira, zoona munthu wa m'galadeni, mwana wa mlimi, amene ndangomaliza kuwafotokozera alamu za mizu ya udzu ngati mlangizi, kuchita kuuzidwa zimenezi. Ndinabwerera n'kulowa m'matope, nsapato imodzi inatsalira momwemo ndinachita kuizula ndi manja.

Agogowo anali akutsegula timizere ta miyala tija amatiyala mopingasa njira kuti madzi azipatukira mu udzu asanathamange mtunda wautali. Kwathu timati milambala, palibe chachilendo. Pamene timizereto tinali totseguka njira inapulumuka ndithu, koma tambiri tinali titadzaza mchenga pa mvula yoyamba ija, ndiye yachiwiri inangodumpha pamwamba. Ndinawapempha pikiyo, timizere titatu ndinawatsegulira mphindi zochepa, ndikupendeketsa ngalande pang'ono kuti madzi azituluka okha ndi mchenga wawo, kumapeto kwake n'kuikako miyala kuti asakumbe pogwera. Anandifunsa kuti ndinaphunzira kuti, ndinati kumunda kwa bambo anga ndili ndi zaka 10, ndipo kumeneko ukalakwitsa kunalibe kukambirana. Alamu nthawi yonseyi anakhala pamwala kumajambula pa foni, akuti atumiza pa gulu la WhatsApp la kumudzi kuti anthu aone kuti ku Joni ndikulima ulere.

Agogo aja anati ngati ndingathe ndidzabwere Loweruka lina m'mawa, amakhala ochepa ndipo ambiri misana inatha. Loweruka ine ndimagwira ku Glenvista mpaka 1 koloko, ndawapempha bwana kuti tisinthane ndi tsiku lina, ayankha kuti aona. Khasu lenileni la kwathu ndili nalo, ndinabwera nalo pa basi chaka chija, piki ija imalemera chabe. Nsapato zija mpaka pano sizinaume, ndaziika kuseri kwa fuliji, ndipo panja kwayambanso kuda.