Lipoti la ulendo wokaona anzathu oyeza kunenepa

Gulu lathu la odzipereka pa zaumoyo linapita kukacheza ndi anzathu omwe amachita kafukufuku wa kunenepa kwambiri. Tinkafuna kukaona kagwiridwe kawo ka ntchito, poti ife timangofunsa munthu kutalika ndi kulemera kwake n'kulemba zomwe watiuza.

Titangomaliza malonje, anatigawira timapepala kuti aliyense alembe miyezo yake. Kenako anatiuza kuti tivule nsapato, titulutse mafoni ndi makiyi m'matumba, tikwere pasikelo. Poyeza kutalika, zidendene, msana ndi nkhongo zinkagunda thabwa, maso kutsogolo. Pofanizira ndi timapepala tija kunali phwete. Ambiri tinadzitalikitsa, makilogalamu n'kuchotserako. Bambo wina wa m'gulu mwathu anati sikeloyo ndi yabodza, koma ataiyesa ndi chitsulo chodziwika kulemera kwake, anangoti duu.

Mayi yemwe amatsogolera ntchitoyi anati si kuti anthu amanama dala. Wina amanena kulemera komwe anayezedwa kuchipatala kalekale, wina amangozunguza nambala kuti ithere pa 0 kapena 5, ndipo okalamba amatchula kutalika kwa pa unyamata wawo. Onenepa kwambiri ndiwo amachotsera zambiri.

Anatiwerengera pabolodi. BMI, nambala yosonyeza ngati kulemera kwa munthu kukugwirizana ndi kutalika kwake, imapezeka pogawa makilogalamu ndi kutalika m'mamita kochulukitsidwa ndi kutalika komweko. Kuyambira 25 ndi kulemera kopyola muyezo, 30 ndi kunenepa kwambiri. Munthu akanena kuti ndi wa mamita 1.65 ndi makilogalamu 80, BMI yake ndi 29.4. Akakhala kuti kwenikweni ndi wa 1.63 ndi 83, imafika 31.2. Kusiyana kochepa chabe, munthu wasowa m'kaundula wa onenepa.

Chomwe chinandigwira mtima ine ndi nkhani ya chuma. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati mu 2022 munthu mmodzi mwa 8 alionse padziko anali wonenepa kwambiri, koma vutoli siligwa mofanana. M'mayiko olemera limachuluka mwa osauka, makamaka amayi, pomwe m'mayiko osauka lakhala likuonekera kwambiri mwa opeza bwino ndi a m'mizinda. Tsono ganizirani: wokhala ndi sikelo kunyumba amadziwa kulemera kwake koma akhoza kuchita manyazi kunena, pomwe wosauka mwina sanakwerepo pasikelo zaka zambiri, amangopenekera. Zolakwika za magulu awiriwa sizifanana, ndiye ukawayerekeza pogwiritsa ntchito zongouzidwa, sudziwa ngati kusiyana ukuonako n'kwa matupi kapena kwa kayankhidwe. Mafomu athu onse akale ali ndi chilema chimenechi.

Pobwerera tinatsutsana m'galimoto ngati n'koyenera kuyeza anthu pagulu monga anatichitira ife. Amayi anakanitsitsa, ndipo ine ndinali mbali yawo. Tinagwirizana kuti tipeze sikelo, thabwa loyezera ndi tepi ya m'chiuno, ndipo aliyense aziyezedwa payekha kuseri kwa katani, nambala yake osaitchula mokweza.